Kodi chinangwa chabwino n'chiti? Nkhani ya mbewu zatsopano ku Lichinga ndi kunyanja

Munthu akanyamuka mumzinda wa Lichinga ku Mozambique m'mamawa mwezi wa Juni, amakwera galimoto atavala juzi, mano akuguguda. Akamafika ku Meponda, ulendo wa makilomita pafupifupi 60 okha, juzi ija imakhala ili m'manja. Msewu umatsetsereka kuchoka pamtunda wa mamita oposa 1,300 kukafika m'mphepete mwa nyanja, pomwe sipakwana n'komwe mamita 500, ndipo minda nayo imasintha. Kumtunda n'kwa chimanga, nyemba ndi kachewere. Kunyanja mwini dziko ndi chinangwa. Ku Meponda, ku Metangula ndi ku Cobué, monganso pa Likoma ndi kutsidya ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, mwana amakula ndi kondowole wa usipa ndi chigwada. Banja la kumeneko likati lili ndi chakudya, sililoza nkhokwe, limaloza munda.

Alimi amenewa akhala akumva kwa zaka zambiri za "mbewu zamakono zobereka kwambiri". Mawuwa si nkhambakamwa. Mu Africa muno hekitala ya chinangwa imatulutsa matani osakwana 10 tikawerengera minda yonse pamodzi, pomwe ku Thailand imafika matani 20, ndipo m'minda ya kafukufuku matani 30 kapena 40 sadabwitsa munthu. Akatswiri opanga mbewu alimbana ndi kusiyana kumeneku kwa zaka pafupifupi 90, ndipo apambana pa zambiri. Komabe mitundu yambiri imene anatulutsa inathera pasiteshoni, mlimi akubzalabe Gomani kapena Mbundumali wa agogo ake. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambire pa duwa.

Ukwati wa maluwa awiri

Popeza timabzala mitengo, ambiri timaiwala kuti chinangwa chili ndi njere. Mtengo wodula ndi mayi wake n'chinthu chimodzi: ukabzala Mbundumali umakolola Mbundumali yemweyo, ndi zabwino zake ndi zofooka zake zomwe. Mtundu watsopano umabadwa kudzera mu njere basi.

Chinangwa chimachita maluwa pamphanda, pomwe tsinde lagawikana. Pa tsango limodzi pamakhala maluwa aakazi kumunsi ndi aamuna kumtunda, ndipo aakazi amatseguka sabata imodzi kapena ziwiri aamuna asanayambe. Katswiri amalawirira m'munda ndi timatumba tansalu, n'kuphimba maluwa aakazi amene atseguke tsikulo kuti njuchi zisamutsogolere. Dzuwa likafika paliwombo amathyola duwa lalimuna la mtundu umene wasankha, n'kupaka mungu wake pa lalikazi lija, kenako amamangirira kapepala kolemba dzina la mayi ndi la bambo. Pakatha miyezi pafupifupi itatu kachipatso kamauma n'kuphulika. M'kati mwake simukhala njere zoposa zitatu, ndipo kawirikawiri mumapezeka imodzi kapena ziwiri.

Njere iliyonse imamera mtundu wakewake, monga ana a bere limodzi amene wina amatengera bambo, wina malume. Chaka choyamba katswiri amafesa njere zikwizikwi, n'kutaya zonse zodwala ndi zosabereka. Zotsala amazidula n'kubzala mzere umodzi umodzi. Chaka chotsatira amasefanso, n'kumayesa zochepazo m'madera osiyanasiyana mpaka m'minda ya alimi. Chinangwa chimatha pafupifupi chaka m'nthaka, choncho sitepe iliyonse imadya chaka chathunthu, ndipo kuchoka pa duwa kufika pa mtundu wovomerezeka pamapita zaka 8 mpaka 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chopweteka mutu china n'chakuti mitundu imene alimi ambiri amaikonda, yokula njoo osachita mphanda msanga, yosiya malo a chimanga ndi nyemba pakati pa mizere, ndi yomweyo imene imaumira maluwa.

Kubereka nakonso kuli pawiri. Muzu wa chinangwa, magawo awiri mwa atatu ndi madzi. Mtundu wina umalemera pasikelo koma ukayanikidwa umatsala pang'ono. Wina ndi wa mizu yocheperapo koma ufa wake umadzaza lichero. Wogulitsa chinangwa chachiwisi pamsika wa ku Lichinga ndi mayi wosinja ufa ku Cobué safuna mtundu umodzi.

Kuchoka ku Amani kupita ku Ibadan

Chinangwa kwawo ndi ku South America. Apwitikizi anachitenga ku Brazil n'kufika nacho kugombe la kumadzulo kwa Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno kum'mawa chinafika m'zaka za m'ma 1700. Kuno chinakumana ndi matenda amene kwawo kunalibe. Oyamba ndi khate, lija limakwinyitsa masamba n'kuwachititsa mawanga achikasu.

Ntchito yokwatitsa chinangwa inazika mizu ku Amani, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, m'zaka za m'ma 1930. H.H. Storey ndi R.F.W. Nichols ataona kuti mitundu yodyedwa yonse imagwidwa khate, anaikwatitsa ndi msuweni wake wakutchire, Manihot glaziovii, mtengo umene atsamunda anaubweretsa pofuna mphira. Ana oyamba analimba ku matenda koma mizu yawo inali nkhuni zenizeni. Anawakwatitsanso ndi chinangwa chodyedwa, mobwerezabwereza, mpaka mizu inabwerera koma kulimba kuja kunatsala. Ntchito ya ku Amani inatsekedwa mu 1957, koma njere zake zinali zitafika kale ku Nigeria.

Kumeneko bungwe la IITA, limene linakhazikitsidwa ku Ibadan mu 1967, linapatsa ntchito ya chinangwa katswiri wa ku Korea, S.K. Hahn, mu 1971. Iye anatenga mbadwa ya ku Amani ija n'kuikwatitsa ndi mitundu ina, ndipo mu 1977 kunatuluka mitundu yotchedwa TMS, wotchuka kwambiri ndi TMS 30572. Kafukufuku wamkulu amene anatsogolera Felix Nweke anapeza kuti mitunduyi imabereka moposa yamakolo ndi pafupifupi 40 peresenti, popanda feteleza. Anthu a m'tauni ya Ikire anafika pomulonga Hahn ufumu. Lero Nigeria ndiye akutsogola padziko lonse pa ulimi wa chinangwa. Ku Asia nako, mtundu wa KU50, umene unatuluka ku Thailand mu 1992 mothandizana ndi bungwe la CIAT la ku Colombia, unafalikira pa mahekitala oposa miliyoni imodzi. Choncho zakuti kukwatitsa mbewu kumachulukitsa zokolola n'zosachita kufunsa.

Si vuto lililonse limene linathetsedwa ndi mbewu yatsopano. Achikulire a ku Nkhata Bay amakumbukira kodikodi amene anasakaza minda chapakati pa zaka za m'ma 1980 n'kubweretsa njala. Chimene chinamugonjetsa ndi kamavu kakang'ono kochokera ku Paraguay, kamene Hans Herren ndi anzake a ku IITA anakafalitsa m'maiko ambiri a mu Africa.

Chikomekome cha mkuyu

Mdani wamkulu wa dera lathu lero ndi wina. Mayi amapita kumunda ndi khasu ndi dengu, n'kusankha tsinde looneka lathanzi. Akazula, mizu ndi yaikulu ndithu. Koma mpeni ukangolowa, m'kati muli mawanga ofiirira, ouma ngati chikuni chofumbwa. Amasema apa, amasema apo, ndipo pa muzu wonga mkono pamatsala kachidutswa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri amawatcha matendawa brown streak, ndipo alangizi a ku Mozambique amati podridão radicular, kutanthauza kuola kwa mizu. Amayamba ndi tizilombo ta vairasi timene timayenda ndi tintchentche toyera, koma makamaka ndi mitengo yobzala yochokera m'munda wodwala.

Kuopsa kwake n'kwakuti amalanda chinangwa udindo wake weniweni. Anthu akunyanja amachidalira chifukwa nthaka ndiyo nkhokwe yake: umazula cha lero, chotsala chimadikira mwezi wa njala. Matendawa amakula chinangwa chikamakhalitsa m'nthaka, motero mlimi amakakamizika kuzula msanga, mizu isanakhwime.

Storey anawalemba koyamba mu 1936, ndipo pofika 1950 Nichols anali atawapeza m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Ku Mozambique anadziwika bwino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, atasakaza minda ya m'maboma a kugombe ku Nampula ndi Zambézia. Chithandizo choyamba chinachokera kwa alimi eniake. Kunapezeka mtundu wamakolo wotchedwa Nikwaha, wosawawa, umene mizu yake siiola kwambiri, ndipo bungwe la Save the Children linaugawa m'midzi ya ku Nampula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Kenako akatswiri a IIAM, bungwe la boma la kafukufuku wa zaulimi, monga Anabela Zacarias, anatulutsa mitundu ngati Orera, Eyope, Colicanana, Nziva ndi Okhumelela. Ku Malawi, masiteshoni a Chitedze ndi Mkondezi anatulutsa Sauti, Yizaso, Sagonja, Kalawe ndi ina. Nayonso mbadwa ina ya ku Amani, imene ku Tanzania amaitcha Namikonga, idakali kholo lodalirika kwa okwatitsa mbewu.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa. Choyamba, mitundu yambiri imeneyi imangopirira matenda, sikuti sigwidwa. Mizu imatha kutuluka yoyera pomwe kachilombo kali m'tsinde, ndipo mtengo wake ukabzalidwa pafupi ndi mtundu wofooka umapatsira. Chachiwiri chikukhudza Lichinga mwachindunji. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti matendawa sakwera kupitirira mamita 1,000. Mu 2004 anabuka ku Uganda, m'madera okwera kuposa pamenepo, n'kufalikira m'maiko ozungulira nyanja ya Victoria. Kukhala pamtunda si linga.

Bwanji alimi amakonda chowawa?

Wobwera kumene amadabwa kuona kuti anthu odalira chinangwa kwambiri ndi amene amabzala chowawa. Linley Chiwona-Karltun anafufuza nkhaniyi pakati pa alimi a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990, ndipo amayi anamuuza zomveka. Chinangwa chozuna chimapita ndi aliyense: wakuba amazula usiku, ana amatafuna podutsa, anyani ndi nguluwe amamaliza. Chowawa palibe amachikhudza mpaka mwini atachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika ndi kuchisinja. Kwa mayi amene alibe mwamuna wolondera munda, kuwawako ndiye mlonda. Ndipo kondowole wake amatuluka woyera, wonanda bwino. Katswiri amene angabweretse mtundu wobereka kawiri koma nsima yake yosagwirana, kapena masamba ake osakoma chigwada, adzaupeza chaka chamawa utasiyidwa kumalire a munda.

Kuwawa kuli ndi mtengo wake. M'chinangwa muli poizoni wa cyanide, ndipo chilala chikagwa amachuluka. Nthawi yomweyo njala imachititsa anthu kudula njira pokonza. Mu 1981 m'chigawo cha Nampula, makamaka ku Memba, anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anafa miyendo mwadzidzidzi ndi matenda amene kumeneko anawatcha mantakassa, odziwika padziko lonse kuti konzo. Dokotala Julie Cliff ndi anzake analondola gwero lake mpaka pa chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Wopuwala ndi konzo sachira.

Njira yakunyanja yoviika m'madzi imachotsa poizoni bwino kwambiri kusiyana ndi kungoyanika makaka padzuwa. Kwa amene ali kutali ndi madzi, Howard Bradbury wa ku Australia anapeza njira yosavuta imene inayesedwanso ku Mozambique: kunyowetsa ufa, kuuyala mopyapyala pamthunzi kwa maola asanu, kenako n'kuphika. Phunziro kwa wopanga mbewu n'lakuti mtundu umayenera kufanana ndi kakonzedwe ka anthu ake. Chowawa chimene chili bwinobwino ku Metangula, pomwe madzi ali pakhomo, chingavulaze mudzi wa kumtunda umene umatunga pachitsime chimodzi mwezi wa Okutobala.

Pothina penipeni ndi pa mtengo wobzala

Tiyerekeze kuti mtundu wapezeka: umabereka, umapirira matenda, nsima yake amayi aivomereza. Ulendo ukadali kutali. Njere imodzi ya chimanga imabala mazana, ndipo mbewu ya hekitala yonse imakwana pakaliyala wa njinga. Tsinde limodzi la chinangwa limapereka timitengo tobzala pafupifupi 10 pachaka, pomwe hekitala imafuna 10,000 tikabzala motalikana mita imodzi. Katswiri akakhala ndi mapesi 100 a mtundu watsopano, pamapita zaka ziwiri kuti akwanitse hekitala imodzi yokha. Mitengoyo ndi yolemera, imadzaza galimoto, ndipo ikakhala padzuwa masabata ochepa imauma. Yotsala m'munda m'chilimwe imalimbana ndi mbuzi ndi moto wolusa.

N'chifukwa chake mlimi mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala amapempha mbewu kwa mnansi, kwa apongozi, kwa aliyense amene ali nayo. Nthawi imeneyo mitengo imakhala yopanda masamba, ndipo palibe angadziwe ngati ikudwala. Mitolo imawoloka nyanja pabwato pakati pa Cobué ndi Likoma, imadutsa panjinga pa Mandimba ndi Chiponde, popanda woifunsa chiphaso. Mitundu yabwino yafalikira m'njira imeneyi, matendanso afalikira momwemo.

Maiko anaona kuti aliyense payekha sangathe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 bungwe la SARRNET, limene likulu lake linali ku Chitedze, linkathandiza kuchulukitsa ndi kugawa mbewu m'chigawo chino cha Africa. Mu 2012 inayamba ntchito ina yotsogozedwa ndi IITA, pomwe Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya ndi Uganda anapereka mitundu isanu isanu yabwino koposa. Mitundu 25 imeneyi inayeretsedwa mu labotale kuti isakhale ndi vairasi, kenako dziko lililonse linalandira yonse kuti liyese kwawo. Umu ndi mmene mbewu ya ku Chitedze ingafikire ku Nampula popanda kunyamula matenda. Koma kuchoka pasiteshoni kufika ku Cobué pamafunikabe alimi ochulukitsa mbewu, oyenderedwa ndi alangizi, amene munda wawo uli pafupi ndi anthu.

Msika ndi zida zatsopano

Mlimi sathamangira zokolola zambiri ngati alibe kozigulitsa, pakuti chinangwa chikazulidwa chimayamba kuda pakangotha masiku awiri kapena atatu. Ku Nigeria mitundu ya TMS inayenda chifukwa kunali makina opala chinangwa ndi msika wa gari, chakudya chopangidwa ndi chinangwa, m'mizinda. Ku Thailand kunali mafakitale a sitachi. Ku Mozambique chitsanzo ndi mowa wa Impala, umene kampani ya Cervejas de Moçambique inayamba kufulula ku Nampula mu 2011 kuchokera ku chinangwa. Makina oyenda pagalimoto a kampani ya DADTCO ankakapera mizu ku Ribáuè, pafupi ndi minda. Wogula akakhalapo, mlimi amafunafuna yekha mbewu yobereka.

Asayansi nawo akufupikitsa njira. Ntchito ya NextGen Cassava, imene inayamba mu 2012 motsogozedwa ndi yunivesite ya Cornell, inaphunzitsa okwatitsa mbewu kupima DNA pa katsamba ka mbande n'kulosera ngati idzabereke, osadikira chaka. Ena amayatsa magetsi ofiira m'munda usiku ndi kudulira nthambi kuti mitundu youmira ija ichite maluwa. Ku Germany, akatswiri a bungwe la DSMZ atapima mitundu ya ku South America yosungidwa ku CIAT, anapezamo ingapo imene kachilombo ka brown streak sikakhazikikamo, ndipo tsopano ikukwatitsidwa ndi ya kuno. Nigeria inatulutsa chinangwa chachikasu chokhala ndi vitamini A mu 2011, ndipo mu 2021 Kenya inaloleza kuti chinangwa chosinthidwa mu labotale, cholimba ku brown streak, chiyesedwe m'minda ya boma. Zonsezi zimachepetsa zaka za katswiri, koma sizinyamula mtolo wa mbewu kukafika nawo kumudzi.

Gawo la Lichinga

Ku Lichinga kuli likulu la IIAM loyang'anira dera la kumpoto chakumadzulo kwa Mozambique, ndipo ku Unango, m'boma la Sanga, kuli sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya Lúrio. Siteshoni ya ku Lichinga imadziwika kwambiri ndi mbewu za kumtunda, monga nyemba, chimanga ndi kachewere, pomwe ntchito yaikulu ya chinangwa kumpoto kwa Mozambique ili ku Nampula. N'zomveka, poti Nampula ndi Zambézia ndiwo amalima chochuluka. Koma mtundu wosankhidwa m'mchenga wotentha wa kugombe sungangoganiziridwa kuti uchita bwino m'chigawo chonse cha Niassa, momwe muli Lichinga. Chinangwa chimakonda kutentha kwa madigiri 25 mpaka 29. Kukazizira ngati mmene kumachitira ku Lichinga mu Juni ndi Julayi, chimaima kukula ndipo chimachedwa kukhwima.

Pa nkhani ya chinangwa, Niassa ili ndi madera atatu osiyana. Kunyanja amafuna cha ufa, chokhalitsa m'nthaka osaola. Kumtunda, kufupi ndi mzinda, amafuna chozuna, chofewa msanga mumphika, chopirira kuzizira, choti chigulitsidwe chachiwisi kapena chophika pamsika. Kumunsi, cha ku Mandimba, Mecanhelas ndi Cuamba, chinangwa ndi chopulumukirapo chimanga chikakanika. Dera lililonse liyenera kukhala ndi minda yakeyake yoyeserapo, ndipo tsiku lokolola sikelo isabwere yokha. Pabwere mpeni wodula muzu uliwonse, pabwere mtondo ndi mphika, ndipo amayi amene adzaphike mbewuyo anene maganizo awo mtundu usanapatsidwe dzina. Mitundu yamakolo nayo isonkhanitsidwe ndi kusungidwa, pakuti Nikwaha sanachokere mu labotale.

Funso lija la mtundu wabwino lili ndi yankho, ngakhale si dzina limodzi. Wabwino ndi umene umabereka pa nthaka yanu, ukadulidwa patatha chaka n'kutuluka woyera, nsima yake n'kudyeka, ndipo mbewu yake yopanda matenda ikupezeka pamtunda woyenda wapansi. Akatswiri akwanitsa zambiri pa zoyambazo. Chotsalira ndi chomalizachi, ndipo n'chimene boma ndi mabungwe ayenera kuikapo ndalama.

Inu alimi musadikire mvula kuti muyambe kufuna mbewu. Yenderani munda umene mudzatengeko mitengo masamba adakalipo, ndipo pemphani mwini wake azule tsinde limodzi mudule muzu muone m'kati. Chomera cha khate chizuleni msanga. Alangizi akakupatsani mtundu watsopano, ubzaleni mizere ingapo pambali pa wanu wakale, muukolole, muuphike, muulawe. Wakalewo musautaye mpaka watsopano utadutsa chaka cha chilala.